Mtondo Umene Unatsala ku Marka

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Amene muli kumbuyoko musavutike kusendera kuno. Mawu anga ndi aakulu, ndinawakulitsa pothamangitsa mvuu.

Dzina langa ndine Dumingu, koma ambiri amanditchula kuti bambo a Rozi. Kwathu ndi kumunsi kwa boma la Nsanje, mukamatsika ndi msewu wa ku Marka. Abusa atandiuza kuti ndidzalankhule pa msonkhano wa mabanja uno kuno ku Bangula, ndinawafunsa ngati akufuna munthu wa banja labwino kapena munthu amene banja linamuthera m'manja. Anati akufuna wachiwiriyo, chifukwa oyambawo akamalankhula anthu amawodzera. Ndiye ndabwera. Akazi anga, amake Rozi, ndi awo ali mbali ya amayiyo, avala duku lobiriwira. Zonse ndinene pano ndawapempha chilolezo. Zina andikaniza, ndipo zimenezo simuzimva.

Ndiyambe ndi ichi. Ine sindinamenyepo mkazi. Chibwenzi chamseri sindinakhalepo nacho. Sindikudzitama ayi, koma ndikudziwa kuti pano pali abambo amene akhala mokhazikika, akudziuza mumtima kuti ine sindimenya, ine sindiyendayenda, nkhaniyi ndi ya ena. Ndi inu amene ndabwerera.

Amake Rozi dzina lawo ndi Lusiya. Ndinawapeza pa msika wa ku Marka ali mtsikana, akugulitsa mpunga umene ankabwera nawo kuchokera kwawo kutsidya kwa malire. Mpunga sindinkaufuna kwenikweni, koma ndinaugula mpaka mayi anga anandifunsa ngati nsima yayamba kundidwalitsa. Ndinkawatengera masau m'thumba la malaya, owawasa aja osapsetsa, chifukwa ndi amene ankawakonda. Pakaliyala ya njinga yanga ndinasokerapo khushoni kuti akakwera asamve zitsulo. Tinakwatirana m'tchalitchi, kwaya inaimba, anthu anadya. Pobwera kwathu anabwera ndi mtondo wa malemu mayi awo, wakuda ndi ukalamba, wolemera moti tinaunyamula amuna awiri. Tinauika pakhonde, kumanja kwa chitseko.

Kenako kunabwera ana. Rozi, ndi ena pambuyo pake. Kunabwera malungo, mayunifolomu, chaka cha njala chimene tinadya nyika, timizu ta maluwa a m'madzi a m'dambo, madzi osefukira amene anatigwetsera khitchini. Masau ndinasiya kubweretsa, sindikumbuka liti. Khushoni ija inang'ambika ndipo pakaliyala ndinayamba kumangapo matumba. Palibe amene analakwira mnzake. Zinangozirala, ndipo tonse tinaganiza kuti banja likakula limatero.

Tsopano ndifotokoze za dimba, chifukwa ndaona alendo ochokera kumapiri amene mwina sadziwa mmene timalimira kuno. Madzi a Shire akaphwa timatsikira kudambo kukadzala chimanga, mbatata ndi maungu pachinyontho. Chimanga chikayamba kubereka mvuu zimatuluka m'madzi kudzadya. Ndiye mwamuna amamanga khumbi m'mphepete mwa dimba n'kumagona komweko, kusonkha moto, kumenya zitini, kukuwa. Mkazi amatsala kumudzi ndi ana, mbuzi ndi munda wa mapira. Zimenezi ndi za aliyense. Mukafika pakhomo n'kufunsa kuti abambo ali kuti, akakuyankhani kuti ali kudimba, simufunsanso china.

Ine ndinapeza kuti kudimba n'kokoma. Kulibe wokufunsa za nsapato za mwana. Kulibe nkhope yotopa yokuyang'ana. Chimanga titakolola ndinati ndidikire mbatata. Mbatata zitatha ndinati milamba ikugwidwa bwino, nditchere mono. Milamba itasowa ndinati khumbi likufunika kufolera. Ndipo kudambo kuli uchema, mowa wa migwalangwa. Amene mumaudziwa mukudziwa kuti m'mawa umatsekemera ngati thobwa, mwana akhoza kumwa, koma dzuwa likafika pamutu umayamba kuluma. Ine ndinayamba ndi wam'mawa. Posakhalitsa ndinkadikira wamadzulo, ndipo pambuyo pake uchema unandichepera, ndinalowa ku nipa, kachasu wathu wa kuno.

Lamulungu ndinkakwera kumudzi. Ndinkapeza madzi osamba ali kubafa, malaya ali ositidwa. Ku tchalitchi ndinali mkulu wa mpingo, ndinkatsogolera nyimbo ndi mawu omwe ano. Amuna timakhala mbali yathu, amayi mbali yawo, ndiye panalibe woona kuti ine ndi akazi anga sitiyang'anana. Tikaweruka ndinkadya ndekha pakhonde, n'kufunsa ngati ufa ulipo, iwo n'kunena kuti ulipo. Ndinkatenga kaufa kanga ndi mchere, n'kutsetsereka. Ngakhale nyengo ya mvula, madzi akandithamangitsa kudambo, ndinkayala mphasa panja. Kuno kumatentha, theka la mudzi limagona panja, ndani akanadabwa?

Pansi penipeni ndinafika chaka china chimene chimanga chinachita bwino kuposa zaka zonse. Tsiku lina ndinamwa nipa kuyambira masana. Kutacha ndinadzuka mutu uli kunja kwa khumbi, m'matope, ndipo dimba lonse linali lopondedwapondedwa. Mvuu zinadya kuyambira kumtsinje mpaka pakhomo pa khumbi langa. Mapazi ake anali pafupi ndi pamene panali mutu wanga. Mulungu yekha ndiye akudziwa chifukwa chake sizinandiponde.

Mwina mukuganiza kuti pamenepo ndinatembenuka. Ayi. Ndinakwera kumudzi n'kukanena kuti chaka chino mvuu zachuluka. Amake Rozi anati, “Pepani.” Ndinatenga ufa wa mapira awo, n'kubwerera kudambo. Ndinakhalabe m'khumbi lija mpaka madzi anabwera, kulondera dimba lopanda chimanga. Anthu akandifunsa ndinkati ndikukonza malo. Zoona zake n'zakuti kumudzi ndinalibe choti ndikanene kwa mkazi wanga, ndipo ndinkaopa kukhala naye chete m'nyumba imodzi.

Apa ndiyende pang'onopang'ono, chifukwa ndi pamene pali nkhani.

Chaka chotsatira, m'nyengo ya dimba yomweyo, mwana wa mkulu wa mpingo mnzanga ankakwatira. Mukudziwa kuti ukwati usanachitike pamakhala chilangizo, ndipo mpingo umasankha banja lachitsanzo kuti likalangize anawo. Anasankha ife. Uthenga unandipeza kudimba, ndipo ndinanyada. Loweruka lake ndinasamba bwino, ndinatafuna masamba a bwemba kuti fungo lichoke m'kamwa, n'kupita kunyumba ya abusa.

Anatikhazika pansi pa mtengo wa nimu. Mnyamata ndi mtsikana anali pamphasa, mitu yowerama. Amayi a mpingo anali mozungulira. Ife awiri anatipatsa benchi imodzi, yaifupi, moti mapewa athu ankakhudzana. Ndinazindikira kuti sindikukumbuka tsiku lomaliza limene ndinakhala moyandikana chotero ndi akazi anga. Ndinaona imvi zikusuzumira m'mphepete mwa duku. Ndinamva kuti akupuma molemera, ngati munthu amene wakwera chitunda, pamene tinangoyenda pachidikha.

Ndinayamba kulankhula ndine. Ndinalankhula bwino, musakayike. Ndinatchula mavesi, ndinanena za kuleza mtima, za kusamalana, za mwamuna kukhala mutu wa banja. Amayi ena ankavomera ndi mitu. Nditamaliza, amayi busa anatiloza n'kuuza anawo kuti, “Ana inu, muwayang'anitsitse awa. Chikwatirane, ankhoswe awo sanakhalepo pansi kuweruza nkhani yawo. Mawu okweza pakhomo pawo sitinawamvepo. Amake Rozi, tauzani anawa chinsinsi chake.”

Amake Rozi anawongola chitenje pamaondo, n'kuyang'ana pansi pamene nkhuku inkapalasa. Kenako anati, “Chinsinsi palibe, amayi. Kuti anthu akangane pamafunika akhale awiri m'nyumba. Kwathu ndili ndekha.”

Anthu anaseka. Nanenso ndinaseka, ndinkaganiza kuti ndi nthabwala. Iwo sanaseke. Anatembenukira kwa mtsikana uja n'kulankhula ndi mawu omwe amafunsira mtengo wa tomato.

“Mwana wanga, mwamuna wako akamadzapita kudimba uzidzamufunsa tsiku lobwera. Akachedwa uzidzakwiya, amve kuti wakwiya. Ine sindinafunse. Ndinkaopa kuti anthu anganene kuti ndine mkazi wovuta. Poyamba ndinkadikira, kenako ndinazolowera. Tsopano akabwera ndimaona ngati kwabwera mlendo wofuna madzi osamba. Sandilakwira kanthu. Ndimawaphikira monga ndingaphikire aliyense wofika pakhomo.”

Kuseka kunatha. Amayi busa anayambitsa nyimbo msangamsanga, ndipo chilangizo chinapitirira ndi ena. Ine ndinakhalabe pabenchipo, phewa langa likukhudzabe phewa lawo. Ndikuuzeni zoona, chimene ndinamva poyamba si chisoni. Unali mkwiyo. Ndinkati mkaziyu wandivula pagulu.

Pobwerera iwo anali patsogolo, ine pambuyo ndikukankha njinga. Ndinkakonza mawu oti ndikawakalipire. Titafika ndinakhala pampando wanga pakhonde kuti ndiyambe, ndipo maso anga anagwera kumanja kwa chitseko. Mtondo panalibe. Panali chizindikiro chozungulira padothi pamene unkakhala, ndipo chizindikirocho chinali chitayamba kale kufufutika ndi tsache.

Ndinalowa m'nyumba n'kuyang'ana ngati ndalowa kwa eni. Mphika waukulu wophikira pamaliro panalibe. Sutikesi yawo panalibe. Mphasa yatsopano panalibe. Kukhola mbuzi zinali zochepa.

Ndinatuluka n'kufunsa kuti, “Amake Rozi, mtondo uli kuti?”

Anati, “Uli ku Marka, kwa achimwene.”

“Ukukatani ku Marka?”

“Ukundidikira. Chikwatiwire Rozi ndakhala ndikutumiza katundu wanga chimodzichimodzi pa kabaza. Mukakolola kudimba ndidzakuthandizani kutonola, ndikatero ndizipita mvula isanatseke njira. Ana akula.”

Ndinafunsa chifukwa chake sanandiuze.

Anati, “Mtondowo unachoka mapira asanache. Mwadutsa pakhomo pomwepa Lamulungu lililonse. Ndinkati mukadzafunsa ndidzakuuzani. Mwafunsa lero, ndakuuzani.”

“Koma ndakulakwirani chiyani?”

“Palibe. N'chifukwa chake ankhoswe sindinawaitane. Ndikanawauza chiyani? Kuti amuna anga ali kudimba? Amuna onse ali kudimba.” Kenako anawonjezera kuti, “Za mvuu zija ndinamva tsiku lomwelo kwa akazi a anzanu omwa nawo. Ndinakupatsani ufa kuti ndione ngati mukhala. Munapita.”

Sanalire. Sanakweze mawu. Atatero anapita kukathyola chisoso kuseri kwa nyumba. Chimene chinandiopsa ndi chimenecho. Akanatukwana ndikanadziwa kuti ndikadali kanthu kwa iwo. Ndinakhala pakhonde paja ndikuyang'ana chizindikiro cha mtondo, ndipo mkwiyo wonse unatha, kunatsala mantha. Ndinaona kuti mkaziyu anali atapita kale, chimene chatsala pakhomo ndi thupi lodikira kukolola.

Ndiye onani mmene zinthu zinalili. Chimanga kudimba chinali chitabereka, nthawi yeniyeni ya mvuu. Ndikakhala kumudzi, tidya chiyani? Ndikatsikira kudambo, ndidzapeza nyumba yopanda munthu. Tsiku limenelo sindinatsike. M'mawa mwake ndinapita kwa amuna awiri amene madimba awo ndi oyandikana ndi langa, n'kuwapempha kuti tizilondera mosinthana, wina akagona kudambo enafe tizikagona kumudzi. Anandiseka. Mmodzi anati, “Dumingu, ukalamba uno mwayambanso chibwenzi?” Koma anavomera, ndipo ndikuganiza kuti nawonso anali ndi zawo zimene sanandiuze. Mvuu zinadya ngodya imodzi ya dimba langa chaka chimenecho. Tinadya zotsalazo.

Cholakwa changa choyamba pobwerera chinali chofuna kuyambira pamene tinasiyira. Ndinakatola masau, owawasa aja, n'kuwaika m'thumba la malaya ngati kale. Ndinawapatsa ndikumwetulira ngati mnyamata. Anawayang'ana n'kunena kuti, “Takhuta, zikomo. Koma mano otafunira zimenezi ndilibe. Anandizula kuchipatala, mbali yonse iyi.” Sindinkadziwa. Ndinasoketsanso khushoni pakaliyala. Anati msana wawo sulolanso njinga pamsewu wa mabampu. Izinso sindinkadziwa. Ataona nkhope yanga anati, “Abambo a Rozi, inu mukufunafuna mtsikana wa pa msika uja. Ameneyo kulibe. Amene ndilipo ndine.”

Mawu amenewo ndi amene anandiphunzitsa ntchito. Ndinasiya kukumbukira, ndinayamba kufunsa. Kufunsa mkazi amene mwakhala naye zaka zambirimbiri kuti kodi mumakonda ndiwo zanji kumachititsa manyazi, koma ndinafunsa. Ndinapeza kuti amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndipo kuchipatala ankapita okha, wapansi. Ndinapeza kuti ndowa yamadzi akaisenza amagona ndi mutu. Ndinapeza kuti milamba imene ndinkanyadira kubweretsa saikonda n'komwe, ankaiphika chifukwa cha ine.

Ndiye ndinayamba ndi madzi. Ndinamanga zigubu panjinga n'kupita kumjigo. Amayi a kumjigo anandilandira bwino kwambiri. Wina anati, “Akulu a mpingo, amake Rozi akudyetsani chiyani?” Wina anati ndimupatse dzina la mankhwalawo akadyetse wake. Ndinaima pamzere ngati wina aliyense. Sabata yoyamba inali yowawa, kenako anatopa nane, anapeza wina womuseka.

Mowa sunachoke mwaulemu. Manja ankanjenjemera m'mawa, tulo tinkasowa, ndipo tsiku langa lolondera likafika fungo la uchema linkandipeza ndisanafike ndi kudimba komwe. Ndinapita kwa abusa n'kuwauza zonse, kuti mkulu wawo wa mpingo amatafuna bwemba Lamulungu m'mawa. Anandiimitsa paudindo ndipo ndinakhala kumbuyo kwa tchalitchi nthawi yaitali. Zinali zoyenera. Kamodzi ndinagwanso, ndinamwa. Kutacha ndinakwera kumudzi mofulumira kuti ndikanene ndekha akazi a anzanga asanandinenere. Amake Rozi anamvetsera n'kunena kuti, “Chabwino. Kasambeni.” Koma ndinaona kuti anandiyang'ana kumaso, chimene anali atasiya kalekale.

Ndinasiya kudya ndekha pakhonde. Ndinatenga mbale yanga n'kukakhala pamphasa pamene iwo ankadyera. Masiku oyamba tinkangomva kutafuna kwathu. Mphasa yanga yogonera ndinailowetsa m'nyumba, m'kutentha kwa mwezi wa Okutobala, thukuta lili kamukamu, udzudzu ukuimba. Ndinawapempha kuti tizipemphera limodzi m'mawa tisanagwire khasu. Anavomera. Ankapempherera ana mmodzimmodzi, adzukulu, odwala a mumpingo, mvula, ngakhale mbuzi. Ine sankanditchula. Ndinkadikira dzina langa mpaka ameni, osalimva. Sindinadandaule, chifukwa nanenso zaka zonsezo m'mapemphero anga aatali a m'tchalitchi iwo munalibe.

Ndinapitanso ku Marka kwa alamu anga, achimwene awo aja. Ndinawauza mmene ndinasiyira mlongo wawo ndili moyo. Mtondo ndinauona uli pakhonde pawo, atauvundikira ndi chiguduli. Alamu anati, “Katundu ndi uyu, alamu, sitinagwiritse ntchito. Koma anabweretsa ndi mwini wake, adzaitanitsanso ndi mwini wake.” Ndinabwerera chimanjamanja.

Tinakolola. Anandithandiza kutonola monga ananenera. Chimanga chitalowa m'matumba ndinkadzuka m'mawa uliwonse n'kuyang'ana ngati nsapato zawo zili pakhomo. Mitambo inayamba kusonkhana kumapiri. Mvula yoyamba inagwa, yachiwiri inagwa, mitsinje ya panjira inadzaza. Sanapite. Komanso sananene kuti akhala. Ine sindinafunse, ndinangopitiriza kutunga madzi.

Tsiku limene ndinadziwa kuti china chake chasintha ndi tsiku limene tinakangana. Ndinamangirira mbuzi pafupi ndi pamene anafesa chitowe chawo, ndipo mbuzi inachita zimene mbuzi imachita. Amake Rozi anatuluka m'khitchini ndi chipande m'manja. Iwo akakwiya Chichewa chimawathawa, amalankhula Chisena chokhachokha. Anayamba ndi mbuzi, anafika pa mvuu, anafika pa mano amene anakazulitsa okha, anafika pa tsiku limene mwana wathu wotsiriza anakomoka ndi malungo ine ndili kudambo. Zonse zimene anasunga zaka zonsezo zinatuluka masana amenewo. Anansi anatuluka m'nyumba zawo kudzaonerera, chifukwa pakhomo pathu phokoso anali asanalimvepo. Nanenso ndinayankhako pang'ono, za mbuzi zokha. Ankhoswe athu anabwera koyamba chikwatirane, okalamba, mmodzi akuyendera ndodo. Atamva nkhani yonse anati mlandu wa chitowe ndi wanga, ndipo zinazo tikambirane tokha popeza tayamba kulankhulana.

M'mawa mwake popemphera, atatha ana ndi adzukulu, anati, “Ndiponso abambo a Rozi awa, Ambuye, muwapatse nzeru zomangira mbuzi.” Ndinatsegula diso limodzi. Sankaseka. Koma dzina langa linalowa, ndipo silinatulukemonso.

Kuyambira pamenepo katundu anayamba kubwerera monga anapitira, chimodzichimodzi pa kabaza. Tsiku lina ndinapeza mphika waukulu uli pamalo pake. Mwezi wina mphasa. Kenako mbuzi, zitaswana. Sutikesi inabwera mochedwa. Tsopano ndinkaona chilichonse chikangofika. Mtondo wokha sunabwere. Akafuna kusinja ankasenza mapira awo kupita kwa anansi. Ndikamva kugunda kwa munsi kuseri kwa mpanda wa eni, ndinkadziwa kuti nkhani yanga sinathe. Nyengo ya dimba inabwera n'kupita, inabweranso ina, mtondo uli ku Marka.

Achinyamata amene mwangokwatirana kumene, musandifunse ngati mtima umagundanso ngati pa msika paja. Sugunda. Ndikaona amake Rozi akubwera sindigwetsa njinga. Koma ndimawakonda, ndipo ndikunena pamaso pawo ndi pamaso panu, pakuti kwa zaka zambiri sindinanene. Ndimadziwa tsiku lawo la kuchipatala. Ndimadziwa kuti akakhala chete kwambiri ndiye kuti mutu wayamba. Ndimadziwa kuti tiyi amafuna wotentha kwambiri, ndi mbatata yootcha, osati yophika. Tsiku langa lolondera likafika ndimapita, chifukwa mvuu sizinatembenuke mtima. Koma ndikamatuluka amandifunsa kuti, “Mubwera liti?” Ndikachedwa ndimapeza nkhope yomanga. Amayi busa anasiya kutitchula ngati banja lachitsanzo, ndipo ndikuona kuti zili bwino choncho.

Abambo anzanga, dimba lanu mwina si la kudambo. Ena lanu ndi kuesiteti ya nzimbe, ena ndi pa msika pano, ena ndi bawo, ena ndi tchalitchi chomwechi, misonkhano yosatha. Malo alionse amene mukati ndili uko palibe amene amakufunsani kawiri. Pitani, ntchito ndi yofunika, koma nenani tsiku lobwera ndipo mubwere. Ngati mumamwa, kaululeni nokha asanakuululireni. Ndipo ngati pakhomo panu padutsa zaka popanda mawu okweza, musafulumire kuthokoza Mulungu. Mukafika madzulo ano muyambe mwaima pakhonde, muyang'ane bwinobwino ngati zonse zili pamalo pake. Amayi, inunso, kukhala chete si ulemu nthawi zonse. Zimenezi akazi anga anazinena kale bwino kuposa ine.

Ndimalize, chifukwa ndili ndi ulendo. M'mawa uno tikubwera kuno pa minibasi, titapanikizana pakati pa matumba a nsomba zouma, amake Rozi anandigwira pabondo n'kunena kuti, “Pobwerera ine ndikatsika pa siteji yathu. Inu musatsike, mupitirire ku Marka.”

Ndinadziwa, koma ndinafuna kumva ndi makutu anga. Ndinati, “Kukatani ku Marka?”

Anayang'ana pawindo n'kunena kuti, “Ndatopa kusinja kwa eni.”

Ndiye abusa mundikhululukire, pemphero lotsekera sindidikira, ndingasiyidwe ndi galimoto. Chingwe chomangira mtondowo ndagula kale pa msika pano, ndi ichi m'thumbamu. Tsiku lija tinaunyamula amuna awiri, ine ndili mnyamata. Mundipempherere msana. Ambuye akusungeni inu ndi nyumba zanu.